Misomali pa Msewu wa Liwiro

Mageti anatseka shedi yake nthawi itapitirira kale 11 koloko ya usiku, ndipo anachita kuyesa katatu kuti kiyi alowe m'loko. Dzina limeneli anamupatsa ndi makasitomala. Ntchito yake inali yowotcherera zitsulo, ndipo theka la mageti a m'dera lawo linatuluka m'manja mwake. Koma chimene anasenza paphewa usiku umenewo sichinali geti. Chinali chitsulo chachitali kuposa iye mwini, chokulunga m'masaka awiri, ndipo pamsana pake anali atawotchererapo misomali makumi anayi, yonse yoloza kumwamba ngati mano a ng'ona.

Linali Lachisanu. Lachisanu ndi Loweruka ndiwo anali masiku a anyamata a liwiro.

Pamene Mageti ankasamukira m'deralo zaka zitatu m'mbuyomo, chimene chinamukopa linali bata. Usiku unkatha kumva mpopi wa aneba ukudontha. Kenaka msewu waukulu anaukonza n'kuuthira phula, unawongoka kuti nyoo kuchokera pamlatho mpaka kuthanki ya madzi, nyumba uku ndi uku. Sipanathe mwezi, anabwera. Magalimoto asanu, nthawi zina asanu ndi atatu, opanda tulo, ofuula ngati akuwasenda amoyo. Ankachokera kutauni, n'kudutsa ngati chipolopolo, n'kukaima kuthanki kuja kumwa mowa ndi kuliza mainjini, kenaka n'kubwereranso. Kupita, kubwera. Kupita, kubwera. Mpaka atambala.

Anthu sanakhale manja lende. Anachita msonkhano pabwalo la sukulu, analemba kalata yopempha mahampu, zitunda zija zochepetsa liwiro, ndipo anasainapo anthu zana limodzi ndi khumi ndi awiri. Akhonsolo anayankha kuti amva ndipo akuunika. Apolisi ankabwera ndithu akaimbiridwa, koma ankapeza fungo la matayala lokha. Mageti anawotcherera chikwangwani chachikulu mwaulere, n'kulembapo kuti CHONDE, ANA AKUGONA. Anyamatawo anachikonda kwambiri moti anachisandutsa poyambira mpikisano.

Ena ankaseka nkhani ya chikwangwaniyo. Iye sankaseka. Kunyumba kwake kunali mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene onse ankamutcha Toto chifukwa mawu oyamba kutuluka pakamwa pake anali okana. Toto anali ndi matenda akugwa. Adokotala anali atanena zinthu ziwiri zokha: mankhwala tsiku lililonse, ndi tulo tokwanira. Mankhwala ankagula. Nanga tulo amagulitsa kuti? Anatseka zenera ndi matilesi. Anamuika thonje m'makutu. Anasamutsira bedi lake m'khonde la m'kati, pafupi ndi bafa, kumene kulibe zenera. Phokosolo linkabwerabe, linkadzera pansi, linkagwedeza makapu m'kabati. Loweruka lapitalo mwanayo anagwa pakati pa usiku, anadziluma lilime, magazi ali pilo yense. M'mawa mwake, lilime litatupa, anafunsa movutikira kuti, "Adadi, lero abweranso?"

Funso limenelo ndi limene linawotcherera misomali.

Asanafike patali, foni inalira m'thumba. Anali mkazi wake.

"Bambo a Toto, muli kuti mpaka pano?"

"Ndikumalizitsa geti la anthu. Akulifuna m'mawa."

"Geti lake liti? Si munati sabata ino kulibe ntchito?"

"Langobwera madzulo. Mwana wagona?"

"Akungotembenuka. Akuti akumvetsera. Bwerani, inu, mtima wanga sukukhazikika."

"Ndikubwera. Khomani chitseko."

Anayang'ana foniyo kanthawi, kenaka anaizimitsiratu. Sankafuna kuti ilire kapena kuwala pa nthawi yolakwika.

Anadutsa mzere wa mashopu otseka, pometera, pogulitsira utoto, pokonzera nsapato. Pomwetsera mafuta mlonda anali atadzipinda pampando, wailesi ikuyankhula yokha. Mageti anadzera kumdima, kutsidya lina la msewu. Chitsulo chinkamudya phewa. Akachisinthira kumanzere, msomali unkamujaya pakhosi kudzera m'saka. Akachibwezera kumanja, chinkagunda mwendo. Mumtima ankangobwereza mawu amodzimodzi ngati mwana woloweza ndakatulo: ndingophulitsa matayala basi. Matayala okha. Aphunzire. Palibe afe. Koma munthu wodziwa zitsulo amadziwanso chimene chitsulo chimachita chikakumana ndi liwiro, ndipo mawuwo ankati akafika pakati, ankasowa mphamvu.

Anali pakati pa mlatho pamene anawamva kumbuyo kwake.

Poyamba zinali ngati njuchi m'botolo. Kenaka ngati bingu lakutali. Anadziphatika kuchitsulo cha m'mbali mwa mlatho, katundu ali chiimikire. Vuuu! Yoyamba. Vuuu! Vuuu! Mphepo inamumenya kumaso, mlatho wonse unanjenjemera pansi pa mapazi ake. Wina anatulutsa mutu pazenera n'kukuwa, botolo linaphulika pamsewu. Zinayi... zisanu. Timagetsi tofiira tinachepa, tinachepa, n'kumira cha kunyumba kwake.

Anadziwa kuti panthawi imeneyo makapu akulira m'kabati. Anadziwa kuti Toto watsegula maso.

Anakukuta mano n'kuwonjezera liwiro. Anali ndi mphindi makumi awiri, mwina makumi atatu, asanabwerere.

Kungotsika mlatho, kudzanja lamanzere, panali nyumba yopanda anthu. Chisamukireni m'deralo, Mageti sanaonepo nyali ikuyaka m'menemo. Udzu unali utafika m'mawindo, mtengo wa mapeyala utagona padenga, ndipo mpanda wa njerwa unali ndi chibowo chachikulu pakona, chimene palibe anadzachitseka. Kangapo konse ankati akadutsapo masana, ankaganiza kuti mwini wake atapezeka angamutsatse geti. Getsi la mumsewu la pamenepo linali lodwala: linkayaka, n'kuphethira, n'kuzima, n'kuyakanso. Malo abwino kuposa amenewo panalibe.

Anatsitsa katundu. Anayang'ana kumbuyo, kopanda munthu. Kutsogolo, kopanda munthu. Anawerama kuti amasule chingwe.

"Nthawi ili bwanji, mwanangu?"

Mtima unachita kuti phaa! Anatembenuka.

Pakakhoma ka ngalande, kutsogolo kwa nyumba ija, panakhala bambo wachikulire. Anavala chikhoti chakuda pamwamba pa zovala zogonera, kumapazi masilipasi. Manja anawasanjika pamaondo mwaulemu ngati munthu wodikira basi. Padzanja lamanzere panali mawotchi atatu ondondozana. Mageti akanalumbira kuti mphindi yomweyo pakakhomapo panalibe kanthu.

"Pepani, bambo, sindinakuoneni. Foni yanga yazima."

"Kwatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu kuti ikwane 12," anatero mkuluyo, osayang'ana ngakhale wotchi imodzi. Mawu ake anali ofewa, otopa. "Masulani katundu wanuyo. Musaope ine."

"Ndi zitsulo za geti chabe."

"Eya. Zanga zinali njerwa za simenti. Zisanu ndi imodzi. Ndinazituta pa wilibala."

Mageti anayesa kuiona bwino nkhope ya munthuyo, koma getsi linazima. Litayakanso anangoona maso. Maso aakulu, ofiira m'mbali, ouma ngati a nsomba ya pamsika. Anadikira kuti aphethire. Sanaphethire.

Wamisala, anadziuza yekha. Kapena ndi mmodzi wa ife, wosowa tulo. Ndani m'dera lino amene maso ake sali choncho?

"Nanunso akusowetsani mtendere?" anafunsa.

"Ine ndimawawerenga. Usiku uno asanu. Sabata yatha asanu ndi awiri."

Mawu amenewo anamukhazika mtima pang'ono. Anamasula chingwe, anasolola masaka. Misomali inang'anima. Anakoka chitsulocho n'kuchigoneka chopingasa mbali ya msewu imene magalimoto obwerera kutauni amadzera.

"Osati pamenepo," anatero mkulu uja. "Pamenepo amaona msanga. Sunthirani kuno, pamene getsi silifika."

Mageti anasuntha.

"Pang'ononso. Amakonda kudyerera pakati akamayandikira mlatho. Eya... pamenepo. Mwatha ntchito."

Anaimirira, napukuta manja pa ovolosi. Chitsulo chinali chitamira mumdima, ngakhale iye amene anachiika sankachiona bwino. Kutali, kuthanki ya madzi, mainjini ankalira n'kuleka, kulira n'kuleka, ngati zilombo zokangana pa nyama. Anafuna kuchokapo, akabisale kuseri kwa mpanda. Koma anangoima pomwepo. Ndi pamene anazindikira kuti agalu onse a m'deralo, amene Lachisanu lililonse ankauwa mpaka kusasa mawu, anali chete. Ngakhale nkhululu m'udzu zinali zitaleka.

Ndipo kunkazizira. Mwezi wotentha, thukuta lili kamukamu kumsana, koma kuchokera pakakhoma paja pankabwera kuzizira ngati wina watsegula chitseko cha filiji.

"Zikatha, kumakhala zii," anatero mkuluyo. "Bata lenileni. Umamva magazi ako akuyenda m'makutu."

"Ndi zimene ndikufuna. Ndikungofuna mwana wanga agone."

"Agona."

"Mwati bwanji?"

"Agona ndithu. Ndinu amene simudzagona."

Tsitsi linamuima.

"Bambo, inu mumakhala nyumba iti?"

Mkuluyo anapendeketsa mutu ngati akumvetsera nyimbo yakutali. Kenaka anasendera pang'ono pakakhomapo, napapasa malo amene anasiyawo ndi chikhatho. Dzanjalo linagunda simenti, koma silinamveke.

"Khalani apa. Malo alipo. Ndatopa kuwerenga ndekha."

"Ayi, zikomo, ine ndi..."

"Chinthu chimodzi chokha sanandiuze," anapitiriza mkuluyo, mawu ali phee. "Woyamba kufika sakhala amene ukumudikira."

Kutali, kumapeto kwa msewu, kunatulukira nyali ziwiri.

Mageti anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda mpanda. Akubwera. Zichitike basi. Anatseka maso, anawatsegulanso. Nyalizo zinkakula. Koma panali china chosalongosoka. Anyamata aja ankabwera mothinana, atatu kapena anayi pamodzi. Galimoto iyi inali yokha. Anyamata aja sankaliza hutala. Iyi inkaliza osalekeza, piiii, piiii, ngati munthu wolira maliro. Ndipo pansi pa hutalayo pankamveka kaphokoso kena.

Kwetekwete... kwetekwete... kwetekwete...

Ankakadziwa kaphokoso kameneko. Ekizozi imeneyo, paipi ya utsi ija, anaiwotcherera yekha kawiri, ndipo kawiri konse anamuuza mwini wake kuti agule ina. Inali takisi ya aneba ake oyandikana nawo khomo, bambo woyendetsa mofatsa kwambiri moti dera lonse linkawatcha a Nkhono. Munthu amene njinga zinkamupitirira. Munthu amene sankatulutsa galimoto usiku ngakhale umulonjeze chiyani.

Nanga usiku uno akuthamangira kuti chonchi? Njira iyi ndi ya kutauni. Njira iyi ndi ya ku...

Chipatala!

Analumpha. Mapazi awiri, atatu, anali pamsewu. Anawerama kuti agwire chitsulo, n'kuuma pomwepo.

Mkulu uja anali ataimirira pamwamba pake.

Sanamuone akunyamuka. Sanamumve akuyenda. Koma anali pamenepo, mapazi onse awiri pamisomali. Nsonga zinatulukira pamwamba pa masilipasi, zoyera, zouma. Popanda dontho la magazi.

"Chokanipo!"

"Khalani pansi, mwanangu. Sizitenga nthawi."

"Chokanipo, ndapota nanu!"

Anagwira kumapeto kwa chitsulo, nakoka. Sichinasunthe. Anakokanso. Ngati achiwotcherera kumsewu! Chitsulo chimene anachisenza yekha paphewa! Hutala inkayandikira. Nyali zinamumenya. Anaona chithunzithunzi chake chitatalika pamsewu mpaka kumlatho. Chake chokha. Kuwala kunkadutsa m'chikhoti chakuda chija ngati m'katani yakutha. Mawotchi atatu anang'anima. Onse ataima. Onse pa nthawi imodzi.

Piiiiii!

Manja ankaterereka ndi thukuta. Pogwira panalibe. Panatsala pamodzi pokha.

Anagwira misomali yeniyeniyo. Manja onse awiri. Inalowa.

"Totooo!"

Chinazuka ngati dzino. Anagwa nacho chagada, anagubuduka, mutu unagunda simenti, madzi onunkha a m'ngalande anamulowa m'kamwa. Pamwamba pake mphepo inadutsa kuti fyuu! Matayala analira. Fungo la labala. Kenaka zii.

Chitseko cha galimoto chinatseguka.

"Ndani ameneyo? Mukufuna kufa? Mwaledzera?" Anali mawu a a Nkhono.

Mageti anakwawa kutuluka m'ngalande. Asanayankhe, mawu ena anang'amba usiku kuchokera kumpando wakumbuyo.

"Bambo a Toto! Mayo ine, ndi bambo a Toto! Lowani, mwana sakutsitsimuka!"

Analowa. Toto anali pamiyendo pa mayi ake, atamugoneka chammbali, thupi likugwedezeka, thovu kukamwa, thonje likadali m'khutu limodzi. Mageti anafuna kumugwira, koma ataona manja ake anawabweza. Galimoto itanyamuka anacheuka. Getsi linayaka. Pakakhoma panalibe munthu. Pamsewu panalibe munthu. Ali pamlatho anamva anyamata aja akuyamba ulendo wobwerera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka chonse phokosolo silinamukwiyitse.

Kuchipatala anamulandira mwanayo mothamanga. Anamubaya jakisoni, kugwedezeka kunaleka, ndipo cha m'ma 2 koloko namwino anatuluka kudzawauza kuti wagona tulo teniteni, koma akanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Namwino yemweyo anasoka manja a Mageti, mabowo asanu ndi awiri, akupukusa mutu.

"Munkalimbana ndi nungu, bambo?"

"Ngozi ya kuntchito."

"Ntchito yake ya pakati pa usiku m'ngalande?"

Pabenchi ya m'khonde anakhala atatu. A Nkhono ankangosisita mawondo.

"Ine zaka makumi awiri ndi zisanu pa chiwongolero, sindinathamangepo chonchi," anatero. "Singano ya liwiro inafika pamene sindinkadziwa kuti imafika. Ndiye ndikungoona munthu pakati pa msewu akuvina yekha. A Mageti, munkatani?"

"Ndekha?"

"Nanga ndi ndani? Nokha, mutawerama, mukukuwa."

Mageti anayang'ana mabandeji ake. Bodza linabwera mpaka pamilomo, lokonzeka bwinobwino. Analimeza. Anawauza za chitsulo, za misomali makumi anayi, za malo amene anachiika. Za mkulu uja sananene. Atamaliza, a Nkhono anavula chipewa, nachiyang'ana m'kati ngati muli yankho, nachivalanso.

Mkazi wake sanakuwe, sanalire. Anatulutsa foni yake n'kumuonetsa.

"Kakhumi ndi kawiri," anatero motsitsa mawu. "Ndinakuimbirani kakhumi ndi kawiri, mwana akuuma m'manja mwanga. Inu muli kalikiliki kutitchera msampha."

"Sindinkadziwa, mayi a Toto."

"Mukanadziwa kuti m'galimotomo muli mwana wa munthu wina, ndiye zikanakhala bwino?"

Mawindo anayamba kuyera ali pabenchi pomwepo. Kenaka a Nkhono anatembenukira kwa Mageti. Anati iwo atopa ndi makalata oponya m'bokosi. Lolemba m'mawa adzanyamula aliyense wokwana m'takisi, ulendo ndi ulendo, mpaka anthu zana limodzi ndi khumi ndi awiri aja akadzaze khonde la khonsolo, ndi ana omwe, ndi mapilo omwe, akagone pamenepo poti kwawo tulo kulibe.

"Pa liwiro lanu lija, a Nkhono, tikafika Lachitatu," anatero mayi a Toto. Sanamwetulire, koma anasendera pang'ono n'kuika dzanja la mwamuna wake pamwendo pake kuti lisalendewere.

Dzuwa litatuluka, Mageti anawasiya kuchipatala, mwana akugonabe, n'kubwerera kumlatho wapansi. Sankafuna kuti ana opita kukasewera achipeze chitsulocho. Masana malowo anali wamba: udzu, mapepala, magalasi a botolo, mizere iwiri yakuda ya matayala a a Nkhono. Chitsulo chinali m'ngalande, misomali ina itapindika. Anayesa kuchikoka ndi zigongono, chinamukanika.

"Chisiyeni chimenecho, muchotsa ulusi m'manjamo."

Anali mayi wa nyumba yoyang'anizana ndi bwinja lija, amene ankagulitsa mbande za maluwa m'machubu pageti pake. Mayi wamfupi, wojintcha, wosadziwa kuseka ndi makasitomala. Anaika pansi kheni yothirira, anawoloka msewu, anatsikira m'ngalande ndi majombo ake, n'kuchitulutsa yekha chitsulocho. Anachiyang'anitsitsa kuyambira uku mpaka uko.

"Ntchito yaukhondo," anatero. "Ndinakuonani pazenera usiku. Ndinafuna kutuluka, koma miyendo inafa. Mwana ali bwanji?"

"Ali moyo."

"Yamikani."

Mageti anazengereza, kenaka anafunsa. "Mayi, bambo wachikulire uja amakhala pakakhoma apa usiku, kwawo ndi kuti? Wa chikhoti chakuda."

Mayiyo anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono.

"Mawotchi anavala angati?"

"Atatu."

"Ankatero. Akakonza wotchi ya munthu ankaivala masiku awiri kuti aone ngati ikuyenda bwino. Kwawo ndi m'menemo." Analoza nyumba ya udzu m'mawindo ija. "Munthu wofatsa ngati madzi a m'mtsuko. Zaka makumi atatu moyandikana, sindinawamvepo akukweza mawu. Inu mukuyesa anyamata a liwirowa ayamba ndi phula latsopanoli? Analipo ena kale, akuluakulu awo a omwewa. Bambowo ntchito yawo inali ya maso ndi manja osanjenjemera, ndiye miyezi isanu ndi itatu osagona. Makalata analemba, kupolisi anapita. Tsiku lina ndinangomva wilibala ikulira usiku."

"Njerwa zisanu ndi imodzi," ananong'ona Mageti.

Mayiyo anamuyang'ana, nagwedeza mutu.

"Amene anafika sanali wa mpikisano. Anali mnyamata wa kumtunda uku, kalaliki wa kusitolo, akuthamangira kuchipatala ndi mkazi wake matenda atayamba. Mwana wawo woyamba. Galimoto inadumpha n'kudzalowa pampanda apo, chibowo chake ndi chimenecho. Mnyamatayo anapulumuka. Mkaziyo anamutulutsa ndi bambo omwewo ndi manja awo, anatsirizikira pamiyendo pawo. Kutacha anavala jekete n'kukadzipereka okha kupolisi. Anawabweza kunyumba kuti adikire mlandu. Msewu unakhala zii, zaka ndi zaka, mpaka amene ankakumbukira anakula n'kusamuka. Koma iwo bata limenelo sanalilawe. Usiku uliwonse pakakhoma apa, kuyang'ana kumtunda. Ndinkawapititsira tiyi, ankazizira m'kapu."

"Ndiye mlanduwo unatha bwanji? Anawamasula liti?"

"Kuwamasula?" Mayiyo anatola kheni yake. "Mlandu sunalowe n'komwe m'khoti, bambo. Patatha masiku makumi anayi ndinabwera ndi tiyi m'mawa, ndinawapeza atakhala pomwepa, manja pamaondo, atazizira kale. Mwezi wamawa zikwana zaka zisanu ndi zinayi chiwaikireni m'manda."

Mageti anamva mabala onse asanu ndi awiri akugunda nthawi imodzi. Anayang'ana kakhoma kaja. Dzuwa linkawala pamenepo, buluzi akuwothera.

Mayiyo anayamba kuwoloka msewu, koma atafika pakati anaima, osatembenuka.

"Ndine ndinawatseka maso," anatero. "Katatu konse ndinayesa. Anapita ali chipenyere."